Njira ya Atate Yathera pa Kamwendo

Maramba,
Livingstone,
Zambia.

17 Sepitembala 2024

Okondedwa Azakhali Agness,

Ndine Pamela, mwana wotsiriza wa achimwene anu a Whyson. Simunandionepo chifukwa munabwerera ku Malawi ine ndisanabadwe, koma ine nkhope yanu ndimaidziwa, popeza chithunzi chanu cha ukwati chili pakhoma pathu. Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi onse a kumudzi. Kuno tilipo, koma sindinena kuti tili bwino, kuopa kuyamba kalata ndi bodza.

Mundikhululukire Chichewa changa. Sukulu ndinalekeza giredi seveni pamene amayi anamwalira, ndipo kuno timalankhula Chinyanja cha m'tauni chosakanikirana ndi Chitonga, Chilozi ndi Chizungu. Chimene ndikulembachi ndinachitola pakamwa pa Atate ndi m'nyimbo. Ndayamba ndi pensulo, kenako ndikubwereza ndi cholembera, kuti musavutike powerenga.

Atate ndiwo andituma. Ali pamphasa pakhonde, maso awo saonanso zilembo, ndipo andiuza mawu oti ndikulembereni. Mawuwo ndiika onse monga anenera. Koma mundilole ndiyambe ndafotokoza zimene zachitika kuno, kuti mukafika pa pempho lawo mudziwe chimene akupemphacho.

Kwaya ya Ana a Machona, imene munkaimbamo muli mtsikana, ikadalipo. Timakumanabe Loweruka masana pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa tchalitchi. Akuluakulu ambiri anapita, ndipo achinyamata amabwera n'kuchoka, amati kwaya yopanda kiyibodi ndi ya nkhalamba. Ine ndinalowa ndili wamng'ono, ndipo zaka zonsezi ndimaima kumbuyo, chifukwa anthu akandiyang'ana mawu anga amathawa.

Atate akuti nyimbo ya njira munkaiopa, ikangoyamba munkathawira kuseri kwa nyumba, ndiye mwina simunaimvepo yonse. Timaiimba bokosi likamatuluka pakhomo, munthu wa kwathu akamwalira kuno. Wotsogolera amaitana dzina la malemu ndi la bambo ake, amvekere nyamukani. Kenako amatchula malo onse a panjira ya kumudzi, amodziamodzi, kuyambira Zimba, Kalomo, Choma, mpaka Lusaka, Luangwa, Chipata, kudumpha malire. Akatchula malo, ife timavomera kuti, "Wadutsa, wadutsa, musamuimitse." Njira yaikulu ndi imodzi kwa tonse, koma ikalowa m'Malawi banja lililonse lili ndi mathero ake. Wotsogolera akatchula mudzi wa munthuyo, kuvomera kumasintha, timati, "Wafika, wafika, m'patseni madzi." Agogo athu anaipeka chifukwa analibe njira yotumizira mitembo kwawo.

Nyimboyi ili ndi malamulo ake. Siimbidwa popanda maliro. Pophunzira sititchula dzina la munthu, timangoti auje mwana wa auje. Ndipo munthu saimbiridwa kawiri, chifukwa kumeneko n'kumudzutsa kumene anafika kuti ayendenso ulendo wonsewo.

Amene ankaitsogolera anali mnzanu uja, Bana Mark, kapena kuti amake a Mark. Anandisankha ine kuti andiphunzitse, sindidziwa chifukwa chake. Ankati, "Iwe sulankhula, ndiye m'mutu mwako muli malo." Anandiphunzitsa njira yaikulu yonse ndi mathero a mabanja angapo. Ndikafunsa za mathero athu ankati, "Anu ndidzakuphunzitsa pomaliza, bambo ako akadali olimba." Bana Mark anamwalira mwezi wa Juni. Anadwala masiku ochepa chabe. Mathero a njira yathu anapita nawo, ndipo Atate sawadziwa, popeza monga mudziwa iwo anabadwira kuno ndipo ku Malawi sanapondeko. Amadziwa mpaka pa Kamwendo, pamene agogo ankati msewu umapatuka. Kupyola apo palibe akudziwa mu Livingstone muno.

Tsopano ndifike pa chimene ndinachita.

Mwezi watha tcheyamani wathu, Ba Richard, amene amayendetsa takisi kubwalo la ndege, anatipezera mwayi wokaimbira alendo ku loji ina ya m'mphepete mwa Zambezi. Tinasangalala, moti ngakhale achinyamata amene anathawa anabwerera. Tinachapa mayunifomu, tinapita dzuwa likupendeka. Tinaimba nyimbo zathu za kutchalitchi, tinaimba za ukwati ndi ya pamtondo. Alendo anawomba m'manja pang'ono, ena akuyang'ana mvuu kumtsinje. Kenako ndinaona manejala akunong'oneza Ba Richard, ndipo Ba Richard anabwera kumbuyo kumene ndinaima, thukuta lili kamukamu.

Anati, "Pamela, bamanejala bakamba ati za mu chechi bazungu bali nazo kwao. Bafuna ya makolo yeniyeni, yakale maningi. Yamba ya njira."

Ndinati, "Ba Richard, palibe maliro."

Anati, "Iwe, bazungu sibamvera Chinyanja. Ni nyimbo chabe. Ba Lozi bali na zao, ba kwa mfumu Mukuni bali na zao, ise tili na chani? Ukakana sibazatiitana futi, na bana aba bonse bazayenda. Ufuna kwaya ife mu manja mwako?"

Sanadikire kuti ndiyankhe. Anakodola wa ng'oma, ng'oma inayamba, ndipo anzanga anapatuka kundisiyira njira yopita kutsogolo. Azakhali, sindinaimepo kutsogolo kwa anthu chibadwire. Ndinayenda mpaka kutsogoloko. Ng'oma inazungulira, inazunguliranso, kudikira dzina. Ndinaganiza zoti auje, koma ndinaona kuti pamaso pa anthu n'kunyoza nyimbo. Ndinaganiza za Bana Mark, ndinakumbukira kuti anafika kale, sindingawadzutse. Ndinaganiza za amayi, koma amayi anali Mtonga wa ku Kalomo, njira yawo si imeneyi.

Ndiye ndinaganiza za Atate. Sindinaganize za imfa ayi, Mulungu akudziwa. Ndinangokumbukira mmene amakhalira pakhonde kuyang'ana mabasi a ku Lusaka, n'kumati tsiku lina ndidzakwera imeneyo. Mumtima ndinati, munthuyu wakalamba osaona kwawo, bwanji ndimupititseko ngakhale m'nyimbo chabe. Ganizolo silinakhalitse, koma pakamwa panali patatseguka kale. Ndinaimba kuti, "Whyson mwana wa Yotamu, nyamukani."

Achinyamata anavomera bwinobwino, sanadziwe kanthu. Amayi awiri achikulire anatseka pakamwa, m'modzi anakhala pansi pa kapinga. Ine ndinapitirira, popeza nyimboyi ukaiyamba suisiyira munthu pathengo. Mawu anga anatuluka aakulu moti ine mwini ndinadabwa. Alendo anasiya mvuu zija, anatembenuka, mayi wina anali kupukuta misozi osadziwa chimene akulirira. Nditafika pa Kamwendo ndinalibe potsatira, ndinangokweza dzanja, ng'oma inaleka. Alendo anaimirira kutiwombera m'manja. Ba Richard anandigwira paphewa, amvekere waona manje.

Mnzanga Mutinta, amene amaimba pafupi nane, anajambula zonse pafoni. Iye ndi Mtonga, analowa kwaya chifukwa cha ine, ndipo lamulo la dzina sankalidziwa. Anatumiza vidiyoyo kugulu la kwaya pofuna kundinyadira. Mmene kumacha inali itafika m'makomboni a Libuyu, Dambwa, Linda, mpaka kwa abale athu a ku Bulawayo.

M'mawa mwake ndikusesa pabwalo ndinamva kulira kukuchokera kumsewu. Anali amayi a m'dera lathu, atsogozedwa ndi Bana Lushomo a nyumba yachitatu kuchokera pathu, nkhuni zili pamutu, akubwera kudzakhuza maliro. Atate anali pakhonde akusenda mbatata. Bana Lushomo atawaona anaponya nkhuni pansi.

Anati, "Ba Whyson, si imwe mwafa?"

Atate anati, "Sanandiuze. Ndafa liti?"

"Dzulo, ku loji."

Atate anati, "Ku loji? Ndiye ndafa bwino. Khalani pansi, mbatata zipsa posachedwa."

Amayi ena anaseka, ena anakwiya, Bana Lushomo anandiloza chala, amvekere mwana uyu ni mfiti olo ni chani. Ine ndinangoima ndi tsache m'manja. Atate anapempha kuti awatsegulire foniyo. Anaiika pakhutu, anamvetsera yonse, kenako anati ibwerezedwe. Ndinkadikira kuti andikalipire, ndipo ndikanakonda akanandimenya ndi ndodo yawo. Koma anangobweza foni, n'kunena kuti, "Mawu ake ndi a amayi anga enieni. Koma wadumpha Batoka."

Tsiku limenelo anadya bwino, anacheza ndi anthu, ine ndinati zatha. Kutacha anasamba, anameta ndevu, anavala malaya oyera. Wailesi yawo anapatsa Bana Lushomo. Nditabweretsa phala ndi mankhwala awo a shuga ndi a kuthamanga kwa magazi, anakankhira mbale pambali mwaulemu.

Anati, "Mayi, munthu akaitanidwa dzina n'kuuzidwa kuti nyamukani, sakhalanso pansi kumadya. Ndi mwano."

Ndinagwada, ndinati, "Atate, ndinalakwitsa, sinali nyimbo yeniyeni, kunalibe bokosi."

Anati, "Inali yeniyeni. Ndaimva ndi makutu angawa. Anthu onse amaimbiridwa atagona, samva kanthu, ine mwana wanga wandiimbira ndili maso. Usalire, wandichitira ulemu."

Azakhali, chimene chikundipha ndi chimenechi, kuti sanakwiye. Munthu wokwiya umamupepesa. Nanga munthu wokuthokoza umamutani?

Masiku otsatira ankangomwa madzi. Ndinapita kukiliniki, anesi anabwera, anawakalipira mwachikondi, amvekere ba shikulu, kutanthauza agogo, mufuna kutipatsa nchito. Atate anawathokoza chifukwa chobwera, mankhwala osamwa. Abusa anabwera, anapemphera, anawauza kuti tsiku la munthu amalidziwa ndi Mulungu yekha, osati kwaya. Atate anavomera kuti n'zoona, n'kuwonjeza kuti Mulungu akafuna kuitana munthu amatuma amene wamufuna, ngakhale mwana wamanyazi. Ba Richard anabwera ndi nkhuku, chipewa chili m'manja, anati, "Ba tate, mulandu ni wanga, nine ninamukakamiza mwana." Atate anawakhazika pansi, anawapatsa nsapato zawo za kutchalitchi, n'kuyamba kuwauza anthu oyenera kudzanyamula bokosi. Ba Richard anatuluka akulira ngati mwana, nsapato zili m'khwapa, nkhuku anaiiwala pakhonde.

Akuluakulu a kwaya anakhala pansi ndipo anagamula kuti ndisaimbenso mpaka nkhaniyi ione kolowera. Kumsika wa Maramba, kumene ndimathandiza mayi wina kugulitsa tinsomba ta kapenta, anthu ena akandiona amasamukira pa tebulo lina. Mnyamata wina wa mawilibala amati akandiona amakuwa kuti, sisi, osaniimba ine, nikali na nkhongole. Zimenezi sizindipweteka kwenikweni. Chimene chinkandipweteka ndi kuona mikono ya Atate ikuchepa, ndi kumva mawu awo akusanduka ngati a munthu wolankhulira m'chipinda china.

Tsiku lina masana ndinkachapa kuseri kwa nyumba. Magetsi kunalibe monga mwa masiku ano, kunali zii, kutentha kokhakokha. Sindinadziwe kuti ndikuimba chamumtima, ndipo sindinadziwe kuti nyimbo yake ndi yomweyo, popeza inali itandikakamira m'mutu. Ndinangomva mawu kuchokera pakhonde.

"Batoka."

Ndinathamanga, manja ali thovu. Atate anali atadzuka, atatsamira khoma, nkhope itakwinyika. Anali asanadzuke okha chiyambire sabata imeneyo.

Anati, "Wadumphanso Batoka. Ukachoka Choma umafika Batoka, kenako Pemba. Ine ndagwira ntchito ya njanji moyo wanga wonse, ndiye mwana wanga adzandidumphitse sitesheni pamaso pa anthu? Ukufuna ndikasochere, ndikapezeke ku Maamba kumigodi ya malasha? Yambanso."

Sindidziwa kumene ndinatenga mtima. Ine sindinawayankhepo Atate chibadwire. Koma ndinamva pakamwa panga pakuti, "Ndiyamba mukadya."

Anandiyang'ana nthawi yaitali ndi maso awo otuwawo. Kenako anati, "Bweretsa, koma pang'ono." Anadya phala losakwana theka la mbale. Ine ndinaimba ndi auje, osati dzina lawo, ndipo Batoka ndinamuika pamalo pake. Koma nditafika kutsogolo ndinaona mbale ija, ndipo ndinachita dala, ndinaika Mazabuka patsogolo pa Monze.

Anamenya mphasa ndi dzanja. Anati, "Mwana uyu watani kodi? Mawa tiyambirenso."

Kuyambira tsiku limenelo ndakhala ndikulakwitsa dala. M'mawa uliwonse ndimasankha malo amodzi oti ndisokoneze, ndipo ndimasankha mosamala kuti asakhale a dzulo. Iwo amadya kuti apeze mphamvu zondikonza. Mankhwala anayambanso kumwa, ati mutu uzikhala woyera pophunzitsa mbuli. Akandikonza amandiuzanso nkhani ya malowo. Pa Pemba ndi pamene sitima inawomba ng'ombe ya mfumu, iwo n'kugona m'thengo kuthawa eni ake. Pa Kafue ndi pamene anaonera amayi koyamba, akugulitsa nsomba pawindo la sitima, n'kugula nsomba zonse ngakhale analibe pophikira. Nkhani zimenezi sindinazimvepo kale. Tsiku lina anaseka mpaka kutsokomola, ndipo thupi linayamba kubwerera pang'ono.

Koma bodza limandivuta, Azakhali. Ine ndine munthu amene ndikalakwitsa chilembo chimodzi ndimang'amba pepala lonse. Ndikamayandikira malo amene ndasankha, mawu amanjenjemera, ndipo Atate amamva. Sabata yatha anati, "Iwe Pamela, kusukulu sunali wopusa chonchi. Bwanji umalakwitsa kamodzi kokha patsiku, ngati munthu womwa mankhwala?" Ndinati ndi mantha. Anangoti mmm.

Lamlungu lapitali ndi pamene zinandithawa. Ndinali nditakonza zosinthanitsa Sinda ndi Katete. Koma kunali kamphepo, Atate anali akuvomera okha ndi mawu awo okalambawo, wadutsa, wadutsa, ndipo nyimbo inanditenga monga inanditengera ku loji kuja. Ndinaiwala kulakwitsa. Ndinadutsa Luangwa, Nyimba, Petauke, Sinda, Katete, Chipata, Mwami, Mchinji, zonse m'malo mwake, ndipo ndinazindikira nditaima pa Kamwendo.

Atate anati, "Eya. Tsopano waidziwa. Kwatsala kumapeto kokha. Ulembere Agness."

Madzulo amenewo anakana chakudya mpaka nditalonjeza kuti ndilemba. Pano akudya, ndipo akunena poyera kuti akudya kuti yankho lanu liwapeze. Foni akuikana, ati foni ndi imene inawapha ku loji, nkhani ya njira iyende papepala. Apeza kale mayi wina wogula zitenje ku Chipata amene ali ndi m'bale ku Mchinji wokudziwani, ndiye adzanyamula kalatayi.

Nawa mawu awo, monga anenera:

"Agness mlongo wanga, ndine Whyson. Ndakalamba, ndipo mwana wanga wandiyambitsa ulendo bwino. Ndaima pa Kamwendo. Undiuze kuchokera pamenepo ndilowere kuti. Unditchulire malo onse, misika, mitsinje yowoloka, midzi ya panjira, mpaka pabwalo pamene anabadwira bambo athu. Usasiye ngakhale kamtsinje kouma. Ufulumire, usandisiye pamsewu ngati katundu wopanda mwini."

Ndalemba onse, sindinachotse kanthu. Tsopano ndilankhule ine.

Azakhali, ndikugwada. Mukatumiza mayina onsewo m'kalata imodzi, ine ndidzawawerengera, adzandiphunzitsa masiku awiri kapena atatu, ndipo ndikadzangoimba kuti wafika, m'patseni madzi, adzakankhanso mbale. Ulendo uno sindidzakhala ndi chowabwezera nacho. Ndikudziwa kuti ndi mwano mwana kupempha wamkulu kuti achite chinyengo, makamaka kwa mlongo wake. Koma ndilibe wina. Amayi kulibe, achimwene anga ali kumigodi ku Solwezi ndipo amangoti muwatengere kuchipatala, ngati kuti kuchipatala amachiza munthu wokondwa.

Musakane kuyankha, chifukwa mukakhala chete adzati Agness anamwalira kapena wanditaya, ndipo adzagona osadzukanso. Chimene ndikupempha ndi ichi. Muyankhe, koma mutumize dzina limodzi lokha. Munene kuti mwakalamba, mutu wayamba kuiwala, enawo mukufunsa kwa akuluakulu. Ndipo dzinalo musalitumize lokhalokha, muliveke nkhani, monga amachitira iwo ndi masitesheni awo. Ngati ndi mtsinje, munene amene anakokolokapo, nsomba zake, ngati agogo ankasambamo. Atate akapeza nkhani amaitafuna sabata yathunthu, amaifotokozera aliyense wodutsa pamsewu. Ikadzatha ndidzalembanso, inu mudzatumize lina. Sindidziwa kuti kuchokera pa Kamwendo kufika kumudzi pali malo angati. Ndikupemphera kuti ndi kutali.

Pali chinthu china chimene chimandisowetsa mtendere kuposa zonsezi. Atate ndi munthu wa shuga, ndipo njala ija inawafooketsa. Mulungu akhoza kuwatenga tsiku lililonse, ngakhale akudya. Zikadzatero ife tikuchedwetsa mayina, ndiye kuti bokosi lidzatuluka pakhomo ine ndilibe mathero, ndipo ndidzawasiya pa Kamwendo pamaso pa anthu onse, nthawi ino zenizeni. Ndikhala nditawalakwira kawiri. Abusa amati mzimu susowa nyimbo kuti upeze kwawo, ndipo mwina akunena zoona, koma Atate akhala akuvomera nyimboyi pa maliro a anzawo onse, ndipo sindingawamane yawo.

Ndiye ndaganiza chonchi, mundiuze ngati n'kupusa. Kuseri kwa pepalali ndalemba nambala ya Mutinta. Mupemphe wina wa foni kumudziko akuimbireni, ndipo njira yonse mumuphunzitse Mutintayo, kuyambira pa Kamwendo mpaka pabwalo. Ine musandiuze. Ndikaidziwa, Atate adzaimva m'mawu mwanga tsiku lomwelo, sindingathe kuwabisira. Mutinta wavomera. Chiyambire nkhani ya vidiyo ija sadya bwino, ndipo nditamupempha analira, anati, "Nizaisunga monga mwana wanga, olo unimenye sinizakuuza." Lilime lake ndi la Chitonga, mayina ena adzawapotoza, ndiye mumubwereze mpaka atakhoza. Ali ndi mutu wabwino. Tsiku limene sindifuna kulitchulalo likadzafika, ine ndidzatsogolera mpaka pa Kamwendo, iye adzalandira pamenepo. Akuluakulu a kwaya adzadandaula kuti Mtonga watsogolera nyimbo ya machona, koma adzavomera, chifukwa palibe amene angasiye munthu panjira.

Mukaona kuti zonsezi n'zolakwika, mundidzudzule, ndidzamva. Inu mumawadziwa Atate kuyambira ali mnyamata, ine ndawadziwa atakalamba kale. Mwina pali mawu amene mlongo angawauze amene mwana sangathe. Mwina mukawauza kuti mukufuna kuwaona ndi maso, kuti abwere ndi basi osati ndi nyimbo, akhoza kumva. Ine ndinayesa, anati mafupa awo sangapirire msewu wa Luangwa. Koma inu simunayesepo.

Pamene ndikulemba pano andiitana kale kawiri kufunsa ngati ndamaliza. Ndawauza kuti ndikulemba pang'onopang'ono kuti ndisalakwitse, ndipo chimenecho chokha si bodza. Andiuza kuti ndiwawerengere ndikamaliza. Ndidzawerenga moni ndi mawu awo aja, zinazo ndidzadumpha, ndipo ndikupempha Mulungu kuti mawu anga asanjenjemere.

Mundiperekere moni kwa amuna anu, ngati Mulungu akuwasungabe, ndi kwa ana anu onse amene ndi abale anga ngakhale sitidziwana. Moni kwa onse a pabwalo la agogo a Yotamu. Muwauze kuti ku Livingstone kuli mwana wawo amene amaphika, amachapa, ndipo akuyesetsa. Dzina la mudziwo ndinkafuna kulidziwa kuyambira ndili mwana, koma pa envelopu ya yankho lanu musalilembe.

Ba Richard akupereka moni, akuti mwina mukuwakumbukira, anali kamwana kolira m'kwaya nthawi yanu. Bana Lushomo akupereka moni. Mutinta akupereka moni ndipo foni yake sakuizimitsa.

Atate akupereka moni wambiri. Akuti mufulumire.

Ine ndikuti musafulumire, Azakhali.

Ndine mwana wanu,
Pamela Nankhoma